Yemwe Ankadula Mapaipi a Yudita

Yudita Ilomo, amene anthu a ku Bulongwa amamutchula kuti amake Tulizo, sanabadwe ndi mtima wokayikira anthu. Amene anakula naye amati anali mtsikana woseka ndi aliyense, wobwereketsa khasu osafunsa kuti libwerako liti. Anakwatiwa ndi Obadia Tweve ali ndi zaka makumi awiri, nakakhala pamudzi pa apongozi ake, pamene nyumba ya Obadia ndi ya mkulu wake Yekonia zinali zoyang'anizana. Bwalo linali limodzi, ndipo nkhuku za mabanja awiriwo zinkaikira m'zisa zimodzi.

Obadia anali ndi pikapu yoyera imene anaigula itatopa kale. Katatu pa sabata ankanyamula mbatatesi, tirigu ndi anthu kupita nazo ku Njombe. Galimoto zotere zinalipo zingapo pamsewu umenewo, koma yake inali ndi chinthu chimene zinzake zinataya kalekale: hita yake inkagwira ntchito. Madalaivala ena paipi ya hita ikabooka ankangoipinda n'kuibwezera ku injini, hita n'kufera pomwepo, iwo n'kumayendetsa atavala majasi awiri, dzanja lina pachiwongolero, lina likupukuta galasi ndi chipewa. Obadia ankati kumeneko n'kudziitanira maliro, chifukwa m'mwezi wa Juni chifunga chimabisa ngakhale mphuno ya galimoto, ndiye galasi likachitanso nthunzi m'kati phompho suliona. M'mawa uliwonse asanalize injini ankatsegula boneti, n'kupisa dzanja kuseri kumene mapaipi awiri akuda amalowera m'chipupa cha galimoto, n'kuwafinya ngati munthu woyesa mapeyala pamsika. Odwala ndi amayi a makanda ankalolera kudikira galimoto yake kuti akhale kutsogolo kofunda.

Yudita ankayenda naye kukagulitsa mbatatesi, ndipo pobwerera, galimoto ikakhala yopanda katundu, Obadia ankamupatsa chiwongolero. Ndimo anaphunzirira. Za m'kati mwa boneti sankazilabadira, pakuti mwini wake analipo.

Obadia anamwalira m'chaka cha 2003 atadwala miyezi isanu. Pokambirana za chuma, Yekonia ananena kuti galimoto ndi ya mtundu, popeza inagulidwa ndi matabwa a m'nkhalango imene bambo awo anabzala, ndipo mkazi sangathe kuisamala. Koma Obadia anali atanena kale pamaso pa abusa ndi akulu a mpingo awiri kuti galimoto itsale ndi mkazi wake ndi mwana wawo Tulizo. Nkhani inathera pamenepo. Anthu akubalalika, Yekonia anaima pafupi ndi mlamu wakeyo akukonza chipewa chake, nanena chapansipansi.

"Chabwino, alamu, iyendetseni. Tiona ngati ituluke m'chisanu chikubwerachi."

Mawuwo Yudita sanawataye.

Anakatenga chiphaso choyendetsera, nayamba ulendo wa katatu pa sabata uja. Poyamba amuna a pasiteji ankamuseka. Wina ankafunsa okwera ngati alemba kale za chuma chawo chamasiye, wina ankati galimoto yovala chitenje sikwera phiri. Yudita ankangoti amene akuopa ayende pansi, akamupeza akubwerera. Nyengo ya mvula yonse anaidutsa osagwera m'ngalande ngakhale kamodzi, ndipo osekawo anayamba kumutumizira akazi awo kuti awanyamule.

Tsiku lina m'mwezi wa Juni ananyamuka m'mamawa, udzu utayera ndi chisanu. Kutsogolo kunali agogo ena amene ankapita kuchipatala. Atayenda ngati ola limodzi, agogowo anadandaula kuti mphepo ya kumapazi yayamba kuzizira. Yudita anamvanso kafungo kotsekemera kamene sanakazolowere. Poyang'ana kamuvi kosonyeza kutentha kwa injini anaona kakukwera, ndipo asanapeze poima pabwino nthunzi inayamba kutuluka m'mphepete mwa boneti. Anazimitsa injini msanga monga ankachitira Obadia. Anakhala pamenepo mpaka dzuwa kukwera, okwera akunjenjemera, mpaka dalaivala wina wa lole ya matabwa anaima. Iyeyu anapeza kuti imodzi ya mapaipi a hita yang'ambika, naikulunga ndi mphira ya chubu, nathira madzi a mumtsinje, nauza Yudita kuti ayende pang'onopang'ono.

Ku Njombe kunali makaniko wachikulire, a Luvanda, amene ankakonza galimoto imeneyi nthawi yonse ya Obadia. Koma a Luvanda anali malume ake a mkazi wa Yekonia, choncho chimwalirireni mwamuna wake Yudita sanapondeko. Anapita kwa makaniko wina wa pafupi ndi siteji, amene anaika paipi yatsopano mosataya nthawi. Pomupatsa yakale ija, makanikoyo anangoti paipi yokalamba imafufuma kapena kuchita ming'alu, koma iyi ikuoneka ngati yachita kuchekedwa. Ananena zimenezi akupukuta m'manja, maso ali kwa kasitomala wina.

Yudita anaizunguza paipi ija m'manja. Bala lake linali lowongoka, lopendekera pang'ono, losalala ngati la mpeni. Anaikulunga m'kansalu n'kuiika pansi pa chikwama chake. Sanauze munthu. Koma pofika kunyumba madzulo, ataona Yekonia atakhala pakhonde pake akusema mpini ndi kampeni, maso ake sanachoke pa kampeniko. Yekonia anamufunsa ngati wayenda bwino. Yudita anati wayenda bwino kwambiri, ndipo anayang'anitsitsa nkhope yake kuti aone ngati ikhumudwe. Sanaonepo kanthu, ndipo zimenezo zinamuwonjezera maganizo.

Patatha masabata atatu paipi yatsopano ija inang'ambikanso, malo omwewo, bala lofanana. Ulendo uno galimoto inali itadzaza matumba, ndipo inafika ku Njombe msika utatha. Makaniko uja anati mwina paipi imene anagula inali yachinyengo, naikanso ina. Yudita sanatsutse, koma mumtima mwake mlandu unali utatha kale. Paipi yakale ikhoza kung'ambika yokha, koma yatsopano ya masabata atatu, pamalo omwewo? Anaikulunga pamodzi ndi inzake ija.

Kuyambira pamenepo Yudita anasanduka munthu wina. Chilichonse chochokera kunyumba ya kutsidya kwa bwalo chinayamba kukhala ndi tanthauzo. Mkazi wa Yekonia akabweretsa mikate ya tirigu imene ankagawana chikhalire, Yudita ankathokoza n'kukaiponyera nkhumba. Akafunsidwa kuti mawa anyamuka nthawi yanji, ankatchula tsiku lina. Mwana wa Yekonia akadutsa pafupi ndi galimoto pothamangitsa mbuzi, ankati watumidwa. Anayamba kukumbukira zakale n'kumazimasulira mwatsopano: tsiku limene Yekonia anabwereka sipanala osabweza, tsiku limene anafunsa Obadia ali pamphasa kuti makiyi amasunga pati. Ngakhale okwera anayamba kuwasankha. Munthu akakhala mnzake wa Yekonia wa kumowa wa nsungwi uja amati ulanzi, ankamuuza kuti malo atha, galimoto ili yopanda kanthu.

Tulizo, amene panthawiyo anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndipo ankasoka zovala pakhonde la sitolo ina, anaona kusinthaku. Iye anakula akudya m'nyumba zonse ziwiri, ndipo Yekonia ankamutcha bambo aakulu. Atafunsa amake chimene chalakwika, Yudita anamuonetsa mapaipi awiri aja. Tulizo anawayang'ana, nanena kuti iye za magalimoto sazidziwa, koma bambo aakulu ndi munthu wapakamwa chabe, sangafike pofuna kupha anthu pamsewu. Yudita anangoti mwana sadziwa mtima wa akulu, ndipo anamuletsa kukacheza kutsidyako. Tulizo anavomera ndi pakamwa, koma ankapitabe amake akachoka.

Kenaka Yudita anayamba kuwaza phulusa losefa mozungulira galimoto dzuwa likamalowa, mopyapyala kuti wina asalizindikire. Masiku anayi anapezapo mapazi a nkhuku ndi a galu basi. Tsiku lachisanu anapeza mapazi a jombo, akulu, chidendene chakumanzere chitadyeka mbali imodzi. Anachokera kunyumba ya Yekonia, naima kutsogolo kwa galimoto, ndipo panali ndi malo awiri ozungulira pamene munthuyo anagwada. Yudita sanadikire kuti mtima utsike. Anawoloka bwalo n'kupeza mlamu wake akusukusula.

"Alamu, pansi pa galimoto yanga mumafunapo chiyani?"

Yekonia anapukuta kumaso pang'onopang'ono. Anati dzulo lake anaona ngati pansi panyowa, ndiye anafuna kuona ngati ndi madzi kapena mafuta.

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Ndikuuzeni bwanji poti masiku ano moni wanga mumayankha ngati ndakupondani? Munaliyika phulusa kuti mugwire mfiti, ndiye mwaigwira. Kaitaneni anthu."

Yudita anamuuza kuti mawu amene ananena tsiku la chuma lija sanawaiwale. Yekonia anati nayenso sanaiwale kuti nkhalango ya bambo ake ikuyenda pamsewu iye akuyenda pansi. Akazi a nyumba zoyandikana anatuluka ndi zidebe ngati akupita kumadzi, koma osachoka. Tsiku lomwelo Yudita anapita kwa wowotcherera zitsulo, amene anaika zogwirira ziwiri paboneti, n'kupachikapo loko wamkulu ngati wa pasitolo. Kiyi anamumanga pachingwe n'kumuvala m'khosi. Pasiteji anamuseka kuti amake Tulizo atsekera injini kuopa kuti ingathawe ndi mwamuna wina. Iye sanaseke nawo.

Mwezi wa Julayi unatha bwino, ndipo Yudita anati zaonekeratu: chitsekereni boneti, paipi yakhala. Koma sabata yachiwiri ya Ogasiti, akukwera chitunda chachitali ndi matumba makumi awiri, anamvanso fungo lija. Anatsika, natsegula loko, napeza madzi akutsetsereka kuseri kwa injini. Anaima pamsewupo okwera akumufunsa chochita. Sankaganiza za paipi. Ankawerenga m'mutu nthawi zimene kiyi anachoka m'khosi mwake, ndipo anapeza imodzi yokha: posamba ankamupachika pamsomali kuchipinda, ndipo m'nyumbamo munkakhala anthu awiri okha.

Ataikitsa paipi ina ku Njombe n'kubwerera kunyumba, anapeza Tulizo akusenda mbatatesi. Sanakhale n'kukhala komwe. Anamufunsa kuti kiyi anamupereka kwa ndani. Tulizo poyamba sanamve chimene akufunsidwa. Atamvetsa, anaika mpeni pansi.

"Amayi, mukuti ine ndinatenga kiyi kukapatsa bambo aakulu kuti adule paipi, inu mukagwe m'phompho?"

"Sindinati unkadziwa chimene akufuna. Mwina anakunyengerera. Umapitako ine ndikachoka, usayese sindidziwa."

"Ndimapitako, inde, chifukwa kuno kulibenso woseka naye. Koma kiyi wanu sindinamugwirepo."

Yudita anati aliyense akukana, ndiye kuti paipi ikudzidula yokha. Tulizo sanalire pamaso pake. M'mawa mwake analongedza zovala ndi makina ake osokera, nakwera lole ya matabwa kupita kwa azakhali ake ku Makambako. Galimoto ya amake inali pabwalo pomwepo, ikupita njira yomweyo, koma sanaikwere.

Nyumba itatsala zii, Yudita anaganiza zopita ndi nkhaniyi kwa akulu a mpingo kuti Yekonia akayankhe. Abusa anamumvetsera mpaka kumaliza, nayang'ana mapaipi atatu aja, nanena kuti iwo sadziwa kusiyanitsa bala la mpeni ndi bala lina, ndipo mlandu wotere sungayambe popanda mawu a mmisiri. Anati mmisiri amene mbali zonse zingamumvere ndi a Luvanda. Yudita anatuluka akuganiza kuti nawonso abusa alowa m'gulu lomwelo, pakuti ndani sadziwa kuti a Luvanda ndi akuchikazi kwa Yekonia? Anakhala sabata yathunthu akulimbana nazo. Pamapeto pake anati apita, awayang'ane m'maso ponama, kuti adziwe adani ake onse.

Garaja ya a Luvanda inali kuseri kwa chigayo, shedi ya malata yokhala ndi dzenje limodzi. Eni ake anali okalamba ndithu, ovala chipewa chaubweya ndi magalasi omangidwa ndi waya. Anamulonjera ngati anaonana dzulo, namupepesa za maliro ngakhale chaka chinali chitatha. Yudita anayala kansalu kake pabenchi, nanena kuti sanabwere kudzakonzetsa galimoto, wabwera kuti iwo anene ngati awa si mabala a mpeni.

A Luvanda anandanda mapaipi atatuwo, mitu yake kuilinganiza. Anawayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anamuitana kuti ayandikire.

"Mwana wanga, taona. Onse atatu bala lili pamalo amodzi, osasiyana ngakhale ndi chikhadabo. Kupendekera kwake n'kumodzi. Munthu wako wodulayo amayenda ndi rula?"

"Munthu wochenjera akhoza kutero."

"Akhozadi. Tiye ukandionetse mmene amalowetsera dzanja."

Yudita anatsegula loko, a Luvanda n'kukweza boneti. Anamuuza kuti apise dzanja agwire paipi pamalo a balalo. Anayesa kuchokera pamwamba, dzanja linakanika pakati pa injini ndi chipupa. Anayesa cham'mbali, zala zinangofika pamsana pa paipi, pamene mabala onse anali kumimba kwake. Anati mwina munthuyo amalowa pansi. A Luvanda anamuuza kuti atsike m'dzenje ayese. Anatsika ndi chitenje chake chomwecho, nasuzumira, napeza kuti kuchokera pansi paipiyo sioneka n'komwe.

Yudita atatuluka, a Luvanda anaika miyala kumatayala, namuuza kuti alize injini, amange buleki, alowetse giya yoyamba, ndipo azisiya kilachi pang'onopang'ono ngati akunyamuka pachitunda. Iwo anaima pambali akuyang'ana m'boneti. Kenaka anati asinthane. Yudita anazengereza kuwapatsa mpando, koma anatsika. A Luvanda atangoyamba kusiya kilachi, anaona injini yonse ikunyamuka mbali imodzi ngati ng'ombe yofuna kudzuka, n'kukankhira paipi ya hita kumbuyo mpaka kukhudza kachitsulo kena kamene kanatulukira pachipupa. Atabweza phazi, injini inakhalanso pansi, paipi n'kuchoka pakachitsulopo ngati sizidziwana.

A Luvanda anazimitsa injini, nafotokoza kuti injini imakhala pazitsamiro za mphira, ndipo chimodzi chaduka, mwina m'maenje a nyengo ya mvula. Galimoto ikaima, paipi ndi chitsulocho zimatalikirana zala ziwiri, n'chifukwa chake makaniko wa kusiteji sanaone kanthu. Koma pachitunda chilichonse, ikalemedwa, chitsulo chimacheka pang'ono. Injini itazizira anamuuza kuti ayendetse chala m'mphepete mwa kachitsuloko. Kanali kowala ngati kotsukidwa, ndipo Yudita anachotsa chala chikutuluka magazi.

Anayamwa chalacho, maganizo akuthamanga. Kenaka anafunsa funso limene linali litatsala.

"Nanga chitsulochi anaikapo ndani? Sichinabwere ndi galimoto ichi, chikuoneka chowotcherera."

A Luvanda anavula magalasi awo n'kuyamba kuwapukuta.

"Anaika ndi amuna ako, pabwalo pompano, ndi manja awo. Ankafuna pomangirira sefa yachiwiri ya dizilo. Ndinawauza kuti m'mphepetemo apalemo ndi tupa, anati mawa. Anangovekapo kachidutswa ka tayala, ndipo kanakhala zaka. Kayenera kuti kanagwa."

Yudita anakhala pansi pa tayala lakale. Pa anthu onse amene anawaganizira miyezi itatu imeneyo, Obadia yekha ndi amene sanalowe m'mutu mwake. Komabe mtima sunagonje nthawi yomweyo. Anaganiza kuti mwina nkhalambayi yakonza bodza labwino kuti ipulumutse mkamwini wa kwawo. Ananena mosabisa kuti safuna munthu wina aliyense agwirenso mapaipi amenewo, ndipo ngati n'kukonza akonza yekha, iwo azingonena. A Luvanda anaseka pang'ono, nati ndi mmene ayenera kuchitira mwini galimoto, nakoka mpando.

Chitsamiro cha injini anasintha a Luvanda ndi jeke, Yudita ali pambali osaphethira. Zotsalazo anachita yekha. A Luvanda anamuuza kuti asatsegule chivundikiro cha rediyeta injini ili yotentha, ngati akuifunabe nkhope yake. Yudita anakhuthulira madzi m'beseni, namasula timalamba tachitsulo tomanga mapaipi kumapeto. Paipi yakale itakana kuchoka anafuna kuitema ndi sikuludiraiva, koma a Luvanda anamugwira dzanja, nati timipope ta hita tolowa m'chipupato n'tofewa, ukatipinda wagula ntchito ya sabata. Anamuonetsa kuipotoza uku ndi uku mpaka italekerera, ndipo yokakamira kuing'amba m'litali ndi lezala mosamala. Anati asinthe onse awiri, chifukwa inzakeyo inalinso ya nthawi ya Obadia ndipo poifinya inkamveka ngati nthochi yakupsa. Yudita anapala dzimbiri patimipope, nayeza mapaipi atsopano kuti asakhale othina kapena opindika, namanga timalamba tatsopano molimba koma osati mpaka kudya mphira. Kachitsulo kaja anakapala ndi tupa mpaka kukhala kosalala, nakavekanso chidutswa cha paipi yakale n'kuchimanga ndi waya. Pomaliza anathira madzi osakaniza ndi mankhwala obiriwira oletsa dzimbiri, natsegula hita mpaka kumapeto, naliza injini chivundikiro chili chotsegula kuti mpweya wotsekeredwa utuluke. Madzi anabwata thovu, natsika, iye n'kuwonjezera. Patapita kanthawi mphepo yofunda inayamba kuwomba kumapazi.

Ponyamuka, a Luvanda anamuuza kuti paipi yabwino pofinya imalimba koma imabwerera, youma imalira ngati chikopa, ndipo yofufuma pafupi ndi kalamba isadikire mawa. Za Yekonia sanatchule n'kamodzi komwe.

Yudita sanapite kukapepesa msanga. Anadikira masabata asanu ndi limodzi, akukwera zitunda zomwezo ndi katundu yemweyo, m'mawa uliwonse akuyendetsa chala kumimba kwa paipi kufuna bala. Sanalipeze. Ndiye Loweruka lina masana anagwira tambala, nawoloka bwalo. Anagwada pakhonde monga mwa mwambo, nafotokoza zonse mkazi wa Yekonia ali pomwepo, napempha kuti amukhululukire pomuyesa chigawenga pamaso pa anthu.

Yekonia anayang'ana tambalayo. Kenaka anati walandira, koma nayenso ali ndi mawu.

"Galimoto yanu sindinaigwirepo, alamu, Mulungu akuona. Koma tsiku limene ndinagwada paja sindinapite kukathandiza. Ndinamva kuti ikuvuta, ndiye ndinkafuna ndione ndi maso anga. Nthawi zonse zitatu ndinkamva kukoma. Ndisakunamizeni."

Mkazi wake anamudzudzula kuti zimenezo n'zonena pamene munthu wabwera ndi nkhuku? Koma Yudita anati bola amene wanena. Anabwerera kunyumba osadziwa ngati wapepukidwa kapena ayi. Moni anabwerera pabwalopo, mikate inayambanso kuwoloka ndipo inkadyedwa, koma anthu awiriwa sanakhalenso pansi kucheza, ndipo Yekonia akafuna kupita ku Njombe ankakwera galimoto za ena.

Za Tulizo ndiye zinavuta koposa. Yudita anapita ku Makambako kawiri. Ulendo woyamba mwanayo anamulandira mwaulemu ngati mlendo, namuphikira tiyi, namvetsera nkhani ya chitsamiro ndi kachitsulo, n'kungoti, "Ndiye chikhala kuti chitsulocho sichinapezeke, bwenzi mpaka lero ndili ine?" Yudita anabwerera ku Bulongwa yekha. Ulendo wachiwiri sanalankhule za galimoto, anangothandiza kusita zovala za makasitomala tsiku lonse. Tulizo sanabwerere kukakhala ku Bulongwa. Anakwatiwa komweko, ndipo atabereka mwana woyamba ndi pamene anatumiza uthenga kuti amake abwere adzamusambitse. Yudita anaimika galimoto milungu itatu, chinthu chimene sanachitepo.

Anayendetsa pikapu ija zaka zina zisanu ndi ziwiri. Madalaivala anzake anazolowera kumuona akupisa dzanja m'maboneti a eni ake pasiteji osapemphedwa, n'kumawauza kuti paipi iyi siifika Khirisimasi. Ena ankakwiya, ena ankamvera, ndipo awiri kapena atatu anabwezeretsa mahita awo chifukwa cha iye. Wogulitsa zipangizo akamupatsa paipi ankaipinda, kuinunkhiza, kuisuzumira m'kati, mpaka mwini sitolo kutopa. Mtima wokhulupirira anthu wa pautsikana uja sunabwererenso wonse, koma anaphunzira kuyamba wafunsa chitsulo asanafunse munthu.

Mabasi atachuluka pamsewuwo, ndipo maondo atayamba kukana kilachi, anaganiza zoigulitsa. Wogula anachokera kuchigwa chotentha cha ku Kyela, munthu wonyamula mpunga. Anaizungulira, naimvetsera, natsegula boneti, ndipo ataona mapaipi awiri aja ali aukhondo ndi timalamba towala, anaseka n'kunena kuti kwawo hita ndi chilango, akangofika awachotsa onsewo n'kutseka mabowo. Yudita anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, natseka boneti, namuuza kuti abwere mawa, ayambe waganiza. Munthuyo anagona kunyumba ya alendo akudabwa chimene walakwa. M'mawa mwake Yudita anamupatsa makiyi, namuuza kuti pokwera mapiri popita kwawoko chifunga chimupeza, ndiye mapaipiwo awasiye mpaka atatsikira kuchigwa. Anaima pamsewu mpaka galimoto inakhota, kenaka anatenga khasu n'kupita kumunda wa mbatatesi, kumene mzere wa dzulo unali usanathe.